Zotsala Pamwamba pa Sefa

Kabwata, 5 Marichi 2024

Ba sisi Petronella,

Muli bwanji ku Woodlands uko? Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati nthawi ya agogo. Foni yanga inagwera m'baketi ya matewera Lachisanu. Ndaikwirira mu mpunga masiku anayi, mpunga wayamba kununkha sopo koma foni ili zii. Ndiye ndapatsira ba Cathy a m'kwaya yathu, popeza amagwira ntchito m'nyumba yoyang'anana ndi geti lanu.

Nkhani ndi ya mwana. Munaona nokha kuchipatala mmene mapazi ake apindikira m'kati, ngati akufuna kuomba nawo m'manja. Tsiku lachiwiri atabadwa kunabwera mayi wa bungwe lanu lija lothandiza ana a mapazi opindika, atavala sikipa yobiriwira, ka tabuleti m'manja. Anandifunsa dzina langa, kumene tikhala, najambula mapazi, nandipatsa kapepala ka nambala. Anati, "Mami musalile, ivi vimapola. Tizamuika chikhakha sabata iliyonse, mapazi yazaongoka. Koma tifunika kuyamba mwamsanga mafupa yakali yofewa." Anati pasanathe masabata awiri ndidzaona dzina langa pa mndandanda umene amamata pakhoma la kiliniki Lolemba lililonse.

Dzulo mwana wakwanitsa masabata atatu. Ndinapita Lolemba lapitalo, ndinapitanso dzulo. Pepala lija ndaliwerenga kuchokera pamwamba kufika pansi, ndiyeno pansi kufika pamwamba, kuti mwina maso anga a Giredi 6 akundinamiza. Palibe. Amake Jesse ogulitsa kapenta pa msika analembetsa pambuyo pa ine, mwana wawo ali ndi miyezi iwiri, koma wavala kale chikhakha.

Ndinafunsa mtsikana wa pa windo. Ati, "Dzina ya mwana?" Ndati alibe, tikudikira agogo ake ku Chipata atitumizire. Ati, "Manje nisakile chani? Nipaseni namba." Walemba nambala, wayang'ana, wapukusa mutu. "Mulibe mu kompyuta." Ine ndati mwana ndi uyu ali kumsanayu. Ati, "Kumsana alipo, mu kompyuta mulibe. Wokonkhapo!" n'kuitana wina wa pambuyo panga.

Ba sisi, mlamu wanu Gilson ali pa mzere wa malole pa malire a Kasumbalesa, sadziwa ngati adzawoloka liti. Ndili ndekha. Ndikamasambitsa mwana ndimagwira timapazi tija, ndimaona ngati tikuuma m'manja mwanga momwemo. Inu ndinu amene mumagwira za makompyuta ku ofesi yaikulu ya bungweli. Chonde tandionereni.

Mng'ono wanu,
Thandazani


Woodlands, 8 Marichi

Thanda wanga,

Kalata yako yafika ikununkhadi sopo. Ine ndili bwino, kupatula zidendene. Tachokera koguba pa tsiku la amayi, ndipo ndinapusa kuvala nsapato zazitali pamodzi ndi chitenje cha ofesi. Panopa mapazi ali m'beseni, ndikulembera pabondo.

Chimene ukupempha ndachimva ngakhale sunachitchule: ndikudumphitse mzere. Iai, mwana wa amayi, sizitheka, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Kale mndandanda ankalemba pamanja, ndiye mwana wa mlamu wa anesi ankakhala woyamba nthawi zonse. Manje kompyuta ilibe mlamu.

Ndikufotokozere kuti mtima ukhale pansi. Ana onse amene amayi a masikipa obiriwira amalemba, ku Kabwata, ku Chelstone, ku Emmasdale, konse, amalowa m'tebulo limodzi lalikulu m'kompyuta, mwana aliyense ndi mzere wakewake. Ine ndinalemba fomula imene imatenga tebulo lonselo n'kutulutsa mndandanda wa sabata. M'kati mwa fomulayo muli mawu akuti FILTER, ndiye kuti sefa, ngati ija amayi ankasefera fulawa ya zitumbuwa. Umaiuza zoyenera kudutsa: mwana wosakwana zaka ziwiri adutse, amene sanayambe chikhakha adutse, mizere ya zinyalala itsale. Odutsawo imawandandalika potsata tsiku limene analembedwa. Fomula imeneyi yagwira ntchito chaka ndi miyezi itatu, palibe kiliniki inadandaulapo. Ba Cheryl, abwana athu, anafika poionetsa kwa azungu otithandiza, iwo n'kuomba m'manja.

Mtsikana wa pa windoyo ndikumudziwa, zikhadabo zake n'zazitali kuposa ntchito yake. Mwina anaphonya nambala, mwina magetsi anali atangobwera kumene. Upitenso Lolemba, upeza lilipo.

Ndapatsira ba Cathy matewera ndi mafuta. Foni yanga yakale ndikutumizira ndikapeza chaja yake. Kuyambira pa 18 ndidzakhala ku Siavonga ku msonkhano sabata yonse, kudya nsomba ndi kuwodzera.

Koma iwe, mwezi ukutha mwana akadali Bebi? Apongozi akowo dzina akuchita kulima?

Mkulu wako,
Petronella


Kabwata, 11 Marichi

Kwa Atate a Shawa, ku Chipata,

Ndagwada polemba kalatayi. Muli bwanji pamodzi ndi Amayi? Tamva kuti mvula yavuta chaka chino, kaya chimanga cha kudimba chapulumuka.

Ndikudziwa kuti si mwambo mpongozi kulembera apongozi ake aamuna. Anayenera kulankhula ndi mwana wanu Gilson, koma lole yake yaima pa malire ndipo foni yanga inafa. Mundikhululukire.

Atate, mdzukulu wanu anabadwa ndi mapazi opindikira m'kati. Adokotala akuti amaongoka bwinobwino ngati ayamba msanga kumuika chikhakha. Koma lero ndi kachitatu kupita ku kiliniki osamupeza pa mndandanda. Ndikafika pa windo chinthu choyamba amafunsa dzina. Ndikati alibe, amandiyang'ana ngati mwana ndaba. Ndaganiza kuti mwina chimene chatsekereza ndi chimenechi.

Mchombo unagwa kalekale, pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ine sindingamutche ndekha, dzina limachokera kwa inu eni mbumba. Chonde Atate, lililonse limene mwakonza, ngakhale lalitali, ndidzaliphunzira. Mupatse kondakitala yemweyu wa basi ya m'mawa, ba Kabamba, ndidzakadikira pa siteshoni ya Intercity.

Mpongozi wanu,
Thandazani


Chipata, 16 Marichi

Kwa mpongozi wanga wokondedwa, amake mdzukulu wanga,

Kalata yanu ya pa 11 mwezi uno yalandiridwa ndipo zamkati mwake zamveka. Ife tili moyo. Chimanga chapsa ndi dzuwa, tisanamizane.

Poyamba ndinakwiya. Ndinamva ngati mukunena kuti mapaziwo achokera kwa a Shawa. Ine Wilbroad Shawa ndinagwira ntchito ya mesenjala wa khoti zaka makumi atatu ndi chimodzi, kupereka masamoni wapansi kuchokera kuno mpaka kumalire, ndipo palibe wothawa mlandu anandisiyapo pa liwiro. Ndinayamba kulemba yankho la masamba awiri lofotokoza miyendo ya mtundu wathu. Apongozi anu aakazi anandilanda cholembera, nati, "Valani magalasi muwerengenso, mwanayu akupempha dzina, sakuimba mlandu mapazi anu." Ndinavala. Anali kunena zoona, koma musawauze kuti ndavomera.

Chimene ndinachedwera n'chakuti kwathu dzina sitiponya ngati mwala. Mwana umamunyamula, umamuyang'ana kumaso, ndiye umatchula. Ndinali kudikira kuti mubwere naye pa Pasaka. Koma poti a boma la makompyuta sadikira Pasaka, ndachita motere: ndaitana mbale wanga ndi akatekisiti, ndanyamula kalata yanu ndi manja awiri m'malo mwa mwana, ndatchula dzina katatu.

Mwanayo ndi PETROS SHAWA, dzina la malemu mng'ono wanga. Ndalemba m'zilembo zazikulu kuti a pa windo asapeze chonamizira. Mboni ziwiri zasaina kuseri. Akavutabe, muwauze kuti agogo ake amadziwa kalembedwe ka dandaulo.

Landirani nshawa pang'ono. Mwanayo mudzabwere naye ndithu, kalata ija inali yopepuka kwambiri.

Ndine apongozi anu,
W. Shawa


Kabwata, 19 Marichi

Ba sisi,

Moni. Matewera ndinalandira, zikomo. Koma lero mundilole ndilankhule, mukakwiya mukwiye.

Mwana ali ndi dzina tsopano, ndi Petros. Dzulo ndinathamanga nalo ku kiliniki, kalata ya apongozi m'manja, mboni ndi zonse. Ndinalowa ngati munthu wopambana mpikisano. Ndati lembani, Petros Shawa. Mtsikana uja ati, "Nilembe pati? Mzele wake siuoneka." Wanditembenuzira kompyuta kuti ndione ndekha. Nambala analemba bwino, ndinaiwerenga naye limodzi chimodzichimodzi, 2417. Zikhadabo sizinalakwe. Magetsi analipo. Panatuluka poyera mbee.

Ati chimene angachite n'kumulembetsa kachiwiri ngati wabwera lero, koma akhala kumapeto kwa mzere, mwina mwezi wa Juni. Juni, ba sisi! Ndinakhala pa benchi panja n'kulira, mayi wina wogulitsa nthochi anachita kundipatsa imodzi yaulere.

Inu munati ndikufuna kudumpha mzere. Ine sindinapemphe zimenezo. Ine ndikufuna malo anga, a pa 13 Febuluwale, tsiku limene anandipatsa kapepalaka. Ndakamata m'kalata muno ndi phala, musakataye, ndilibe kena.

Za FILTER zanuzo sindizidziwa, koma sefa ndimaidziwa kuposa inu, chifukwa pamene inu munali ku boding'i ndine ndinkasefa fulawa ya amayi m'mawa uliwonse. Amayi sankataya zotsala pamwamba asanazione. Ankapukusa sefa, n'kufufuza ndi chala. Nthawi zambiri zinali timibulu ndi anankafumbwe. Koma tsiku lina anapezamo ndolo yawo ya ukwati imene tinaifuna nyumba yonse, mpaka inu munakwapulidwa kuti mwaigulitsa. Mwaiwala?

Inu mumangoyang'ana zimene zadutsa n'kuombera m'manja ndi azungu. Munayamba mwayang'anapo zimene zatsala pamwamba? Palibe kiliniki inadandaula, inde. Adandaule bwanji za mwana amene samuona?

Thandazani


Kabwata, 25 Marichi

Ba sisi,

Simunayankhe. Ba Cathy akuti kalata anailowetsa pansi pa chitseko chanu Lachiwiri lomwe lija. Ngati ndi mawu anga akupwetekani, pepani, mundikwiyire ine koma osati mwana. Lero ndinapitanso, palibe. Wakwanitsa masabata asanu ndi limodzi. Dzulo wayamba kumwetulira, ndipo ndikamuona akumwetulira ndiye mantha amachuluka, chifukwa ndiye kuti akukula.

Lachinayi ndikapanda kumva kwa inu ndipita kukalembetsa kachiwiri. Juni ndi bwino kusiyana n'kusaitanidwa konse.

Thanda


Woodlands, 27 Marichi

Thandazani,

USALEMBETSE KACHIWIRI. Ndayamba ndi zimenezi kuti ukatopa kuwerenga ukhale utazimva.

Sindinakwiye. Kuchokera ku Siavonga ndinadutsira kwa mnzanga ku Kafue, ndafika Lolemba madzulo n'kupeza makalata ako awiri pansi pa chitseko, imodzi mphaka atagonapo. Dzulo m'mawa ndinalowa mu ofesi ndi kapepala kako, mtima uli wakuti ndikuonetse kuti walakwa. Ndinasiya malipoti okongola aja, ndinatsegula tebulo lalikulu lenilenilo, losasefa. Ndinalemba 2417.

Alimo. Dzina lako lilipo, Kabwata ilipo, 13 Febuluwale ilipo, chithunzi cha timapazi chilipo. Malo a dzina la mwana ndi opanda kanthu.

Thanda, wamutsekera kunja ndine. Pamene tinkaphunzitsa amayi a masikipa obiriwira kugwiritsa matabuleti, ankayeserera polemba mizere yabodza yambirimbiri, yopanda mayina. Mizereyo inkasokoneza chiwerengero, ana ankaoneka ochuluka kuposa enieni. Ndiye m'sefa muja ndinawonjezeramo kamzere kamodzi: pamene dzina la mwana palibe, usadutse. Zinyalala ndinakuuza zija ndi zimenezi. Zinanditengera mphindi ziwiri, ndipo tsiku limenelo ndinadziona wochenjera kwambiri. Fomula yomweyo ndi imene imatulutsa pepala la pakhoma, ndiponso ndi imene imaonetsa ana pa kompyuta ya pa windo. N'chifukwa chake mtsikana uja analibe polemba dzina. Ndikamupepesa za zikhadabo.

Sindinaganize n'komwe kuti mwana wa masiku awiri sakhala ndi dzina. Ine amene ndinakhala Bebi masiku khumi mpaka azakhali atabwera kuchokera ku Katete! Ana obwera mochedwa, a miyezi iwiri ngati wa amake Jesse, amabwera ndi mayina, amadutsa. Amene tawapeza msanga pa bedi la chipatala, omwe timadzitama nawo kuti tawafulumirira, ndi amene sefa yanga inkagwira. Ndachotsa kamzere kaja kuti ndione zotsala pamwamba. Mizere yoyeserera ilipo yambiri, koma pakati pake pali ana enieni makumi anayi ndi mmodzi.

Ndinakhala kaye m'chimbudzi cha ofesi kanthawi. Kenako ndinapita kwa ba Cheryl ndi laputopu. Ndinaganiza zonena kuti ndi vuto la makina, mawuwo anafika mpaka pamilomo, koma ndinanena zoona. Sanakuwe. Anavula magalasi n'kufunsa kuti wamkulu pa onsewo ali ndi zaka zingati. Bola akanakuwa. Za ine akuti tikambirana ana akatha kuitanidwa, ndiye ntchito ndikadali nayo mpaka pamenepo.

Sefa ndaikonza. Mizere yoyeserera yonse manambala ake amayamba ndi maziro atatu, ndiye tsopano ikugwira imeneyo, dzina isaliyang'anenso. Ndawonjezeranso kabokosi pakona ya lipoti koonetsa kuti sabata ino sefa yatsekereza angati, kuti aliyense aziona, ngakhale azungu. Dzina la Petros ndalemba ndekha, m'zilembo zazikulu monga ba Cathy akuti agogo ake analamula.

Adokotala avomera kuwonjezera tsiku. Mawa sizitheka chifukwa cha Pasaka, ndiye ubwere Lachinayi pa 4 Epulo, 8 koloko. Si kudumpha mzere, ndi malo ako. Kuyambira dzulo ndili pa foni kuimbira amayi enawo. Ena manambala sakulowa. Mmodzi anandifunsa kuti, "Mwakumbuka lelo?" n'kudula.

Foni yakale ili m'jumbomu. Chaja sindinaipeze, ndagula ina.

Petronella


Kabwata, 5 Epulo

Ba sisi,

Muli bwanji? Foni ikugwira, zikomo, koma izi ndalemba papepala dala, chifukwa pa foni mumadula mawu a munthu pakamwa.

Petros wavala! Miyendo yonse iwiri, kuyambira ku zala mpaka m'ntchafu, yoyera mbee ngati wavala mabuti a apolisi a pamsewu. Analira mpaka mlonda wa pageti anabwera kudzasuzumira, koma nditangomuyamwitsa anagona. Adokotala anagwira phazi, analipinda pang'onopang'ono ngati akuumba chitumbuwa, ati likadali lofewa bwino, sitinachedwe. Ati zikhakha zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kenako kaopareshoni kakang'ono kokonza mtsempha wa kuchidendene, kenako nsapato za kachitsulo pakati. Ndinawafunsa kawiri ngati adzathamanga. Ati mudzatopa naye. Ndawaimbira apongozi ku Chipata, ati zimenezo anadziwa kale, ndi Shawa.

Kulemera kwake tsopano! Kumubereka kuli ngati wanyamula mwana ndi njerwa ziwiri. M'minibasi anamenya nazo bondo la bambo wina wa tayi, bambo uja ati, "Mami, mwana wanu ali na laisensi ya ivi?" Basi yonse kuseka. Gilson wawoloka malire Lachitatu, ndamutumizira chithunzi, akuti waonetsa madalaivala onse mpaka ena a ku Congo.

Mtsikana wa pa windo dzina lake ndi Stephanie. Wandipatsa moni ndi manja awiri. Poitana mayina zinali zoseketsa, chifukwa pepala lanu latsopano lili ndi mayina a amayi okhaokha, ndiye amati mwana wa uje, mwana wa uje, ndipo amayi ankayankha mokweza dzina la mwana kuti alembe. Tinalipo khumi ndi anayi.

Pa benchi ndinakhala ndi mayi wina wa ku Chelstone, amake Lukonde, amalankhula Chibemba chosakaniza koma tinamvana. Wawo ndi mtsikana, ali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Analembedwa ali ndi tsiku limodzi. Akuti anabwera kasanu kudzaona pakhoma, kenako ndalama ya basi inawakanika, anangoti mwina Mulungu sanafune. Kamwanako kayamba kuimirira kogwira benchi, kamaponda ndi m'mbali mwa mapazi, pakhungu pachita kale chikundu. Kanali kuseka ndi Petros, kumagogoda chikhakha chake ngati chitseko. Adokotala awauza kuti zitheka, koma zitenga nthawi yaitali, mwinanso mpeni. Mayiwo sanalire. Anangondifunsa kuti, "Nanga imwe munachita bwanji kuti batikumbuke?"

Ndinawauza kuti ndili ndi mkulu wanga ku ofesi yaikulu, ndiye anafufuza m'kompyuta mpaka anatipeza tonse. Anandigwira dzanja, ati Lesa amupale, ndiye kuti Mulungu amudalitse, mukamuuze ndifuna nimuone nimuyamike.

Ndiye Lachinayi likubwerali mubwere, ba sisi. Mupemphe kwa ba Cheryl theka la tsiku. Musavutike ndi matewera, alipo okwanira. Timayamba 8 koloko, muvale nsapato zafulati chifukwa mzere ndi wautali. Ndikusungirani malo pa benchi pakati pa ine ndi amake Lukonde. Zakuti munatipeza ndinu ndawauza kale. Zinazo mukawauza nokha. Ine ndidzakhala pomwepo, ndikugwirirani chikwama.

Mng'ono wanu,
Amake Petros